Adokowe 300, Koma Agogo Awo Ndi Angati?

Anzanga, musanathamangire zitumbuwa pa buleki, taimani kaye pano muyankhe funso ili. Midzi iwiri ikuweta nkhuku. Mudzi woyamba uli ndi nkhuku 300, koma zonsezo ndi ana ndi zidzukulu za tambala mmodzi ndi mathadzi awiri. Mudzi wachiwiri uli ndi nkhuku 80 zokha, koma zinachokera m'makola osiyanasiyana: zina anagula kumsika, zina anapatsidwa ndi abale akutali, zina n'zakameta, zina n'zamawangamawanga. Chitopa chikalowa m'midzi yonse iwiri, ndi mudzi uti umene uli ndi mwayi woti kutsale nkhuku zoyambiranso khola?

Ambiri munena kuti woyamba, poti 300 ndi yaikulu kuposa 80. Ine ndikuti wachiwiri. Nkhuku za m'mudzi woyamba n'zofanana kwambiri m'thupi, ndiye matenda amene agonjetsa imodzi akhoza kugonjetsa pafupifupi zonse. Za m'mudzi wachiwiri n'zosiyana, ndipo pagulu lotero sipalephera kupezeka ina yolimba mtima imene ipulumuke. Funso lomweli likuwazunguza mitu akatswiri a ku Japan, kungoti iwo sakuweta nkhuku. Akuyesetsa kubwezeretsa mbalame imene inatheratu m'dziko lawo.

Mbalame yake

Ndi dokowe wa kum'mawa kwa Asia. Asayansi amamutchula Ciconia boyciana, ndipo eni ake ku Japan amati kounotori. Akaima amapitirira mita imodzi, akatambasula mapiko amafika pafupifupi mamita 2. Thupi ndi loyera, nthenga za kumapeto kwa mapiko n'zakuda, miyendo yofiira, mlomo wautali wakuda. Akakula salira ngati mbalame zina ayi, amangowombanitsa mlomo kuti kwa kwa kwa kwa, ndiye kulankhula kwake kumeneko. Amadya nsomba, achule, njoka ndi ziwala, ndipo patsiku amafuna chakudya chokwana pafupifupi theka la kilogalamu. Ambiri mwa adokowe amenewa amaswera m'madambo a mtsinje wa Amur, kumalire a Russia ndi China, ndipo nyengo yozizira amatsikira kummwera, m'zigwa za mtsinje wa Yangtze. Bungwe la IUCN linawaika m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yotha.

Kale ku Japan analiko ambiri, ndipo a kumeneko ankakhala chaka chonse osasamuka. Alimi ena sankawakonda, ati amapondaponda mbande za mpunga. Mfuti zitachuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, alenje anawapha kwambiri mpaka anangotsala m'madera ochepa, makamaka ku Toyooka, tauni ya m'chigawo cha Hyogo, m'chigwa cha mtsinje wa Maruyama. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu anadula mitengo ikuluikulu ya paini, yomwe mbalamezi zinkamangamo zisa. Nkhondo itatha kunabwera mankhwala ophera tizilombo m'minda ya mpunga, ena okhala ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimakhala m'mathemometa akale. Mankhwalawo anapha achule ndi tinsomba. Tinsomba totsalato tinali ndi poizoni m'thupi, ndipo dokowe akadya zana, poizoni wa tonseto ankaunjikana mwa iye. Mazira anayamba kusukusa.

Boma linalengeza mu 1956 kuti mbalameyi ndi chuma chapadera cha dziko, koma chilengezo sichiswa dzira. Mu 1965 anthu a ku Toyooka anayamba kugwira adokowe otsala n'kuwaika m'makola akuluakulu awaya kuti aziswera mmenemo. Anaikira mazira, inde, koma osaswa. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Mu 1971 dokowe womaliza wa kutchire ku Toyooka anamutola atafooka, n'kufa. Mu 1986 womaliza wa mtundu weniweni wa ku Toyooka anafera m'khola. Apa ndiye kuti mbumba yonse ya kumeneko inatha psiti, osasiya mwana ngakhale mmodzi.

Chinawapulumutsa n'choti mu 1985 analandira adokowe aang'ono 6 kuchokera ku Khabarovsk, ku Russia, nthawi imeneyo kukutchedwa Soviet Union. Awiri mwa amenewa anakondana, ndipo mu 1989 mwanapiye woyamba anaswedwa ku Toyooka. Tawerengani nokha: 1965 kufika 1989 ndi zaka 24. Bambo Matsushima Kojiro, amene ankasamalira mbalamezi, anakhala zaka zonsezo akudyetsa, kusesa ndi kutola mazira osaswa. Akuluakulu aja ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kaya ankaganiza zaka 24? Ife teremu imodzi yokha timati yatalika.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Malo osungirako nyama a Tama ku Tokyo anali ataswetsa kale anapiye mu 1988 kuchokera ku mbalame za ku China, ndiye panapezeka magwero angapo. Mu 1999 anatsegula paki yapadera ya adokowe ku Toyooka. Mu 2002 a m'makola anapitirira 100. Pa 24 Sepitembala 2005 anatsegula mabokosi n'kuulutsa adokowe 5, Kalonga Akishino ali pomwepo. Mu Julaye 2007 mwanapiye woswedwera kutchire anauluka kuchoka pachisa, koyamba patatha zaka zoposa 40. A kutchire anakwana 100 mu 2017, 200 mu 2020, ndipo mu 2022 anapitirira 300.

Nkhani ikanathera pomwepa tikanangowomba m'manja n'kubwerera m'kalasi. Koma kumbukirani nkhuku za m'mudzi woyamba zija.

Majini, osati a kwa sing'anga

Ndikati majini, a Fomu 1 musathawe. Sindikunena mizimu ija imagwetsa anthu ayi. Ndikunena timalangizo tating'onoting'ono tolembedwa mu DNA, m'kati mwa maselo a chamoyo chilichonse. Ndi timeneti timalamula kuti mlomo ukhale wakuda, chikhokhombe cha dzira chikhale cholimba, thupi lizindikire kachilombo n'kulimbana nako. A Fomu 4 mutuwu mumauphunzira mozama mu bayoloje, ndiye mundikhululukire ndikafupikitsa.

Chofunika kugwira ndi ichi: pa langizo lililonse mwana amalandira makope awiri, lina kwa mayi, lina kwa bambo. Nthawi zina kope limodzi limakhala lolakwika, ngati notsi zokopera kwa mnzako amene ankawodzera. Koma ngati kope linalo lili bwino, thupi limatsatira labwinolo, ndipo mbalame imakhala yathanzi osadziwa n'komwe kuti yanyamula cholakwika. Pafupifupi chamoyo chilichonse chili ndi makope olakwika angapo obisala chonchi, ngakhale ine ndi inu. Vuto limabuka mwana akalandira kope lolakwika lomwelo mbali zonse ziwiri. Palibenso labwino loti liphimbe. Dzira limasukusa, kapena mwanapiye amabadwa wofooka, kapena amakula koma osabereka.

Tsopano tulutsani mabolopeni, tichite masamu a mafulakishoni. Tiyerekeze kuti dokowe wamwamuna ali ndi kope limodzi lolakwika. Mwana wake aliyense ali ndi mwayi wa 1/2 wolitenga. Mwana wake wamwamuna akakwatira mlongo wake, mwayi woti onse awiri analitenga ndi 1/2 kuchulukitsa ndi 1/2, yomwe ndi 1/4. Ngati onse ali nalo, mwayi woti mwanapiye wawo alandire makope olakwika onse awiri ndi 1/4. Ndiye 1/4 kuchulukitsa ndi 1/4 ndi 1/16. Koma mwana yemweyo akakwatira mlendo, ndipo tinene kuti pa alendo 100 mmodzi yekha ndi amene ali ndi kope lolakwika lomwelo, masamu ake ndi 1/2 kuchulukitsa 1/100 kuchulukitsa 1/4, yomwe ndi 1/800. Mwaonatu? 1/16 ndi 1/800. Kusiyana kwake ndi ka 50. Ndipo apa tawerengera langizo limodzi lokha, pamene olakwika obisalawo amakhala angapo.

Makolo athu masamu amenewa sanawalembe pabolodi, koma amawadziwa. N'chifukwa chake woweta mbuzi wanzeru sasunga tonde mmodzi zaka ndi zaka mpaka kumakwera ana ake omwe. Amamugulitsa kapena kusinthana ndi wa kumudzi wina, apo ayi timbuzi timayamba kubadwa tonyentchera.

Kuberekana pachibale ndi vuto loyamba. Lachiwiri n'lobisika kwambiri, ndipo kuti mulione bwino chitani izi kunyumba, koma mupemphe kaye kwa amayi. Ikani m'chitini nyemba 100: 50 za nanyati, 30 za phalombe, 15 za napilira, 4 za kholophethe ndi imodzi yakuda. Chitinicho ndi adokowe onse a kutchire, ndipo mtundu uliwonse wa nyemba ndi mtundu wa kope la langizo limodzi. Khutchumulani, tsinzinani, mutolemo nyemba 12. N'chifukwa chiyani 12? Mbalame 6, iliyonse makope awiri. Mupeza kuti nanyati ndi phalombe zatuluka ndithu, napilira mwina imodzi kapena ziwiri. Kholophethe nthawi zambiri siituluka. Yakuda ija mwayi wake ndi 12 pa 100 basi.

Kenako tayerekezani kuti mwadzala nyemba 12 zija n'kukolola thumba lathunthu. Thumba ladzaza, eya, koma yakuda ilimo? Mulibe. Mukolole matumba 50, simudzaipezamo. Madzi akatayika saoleka. Nanga bwanji ngati yakudayo ndi imene imapirira matenda amene abwere zaka 20 zikubwerazi? Pali gulu la majini, lomwe asayansi amalitchula MHC, limene ntchito yake ndi kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda. Pamenepa m'pamene kusiyana kumafunika kwambiri, chifukwa mtundu uliwonse wa kope umazindikira adani ake. Gulu la mbalame lokhala ndi mitundu yochepa lili ngati mudzi wokhala ndi alonda amene amangodziwa nkhope za akuba awiri okha.

Akatswiri ali ndi kafomula kosavuta. Ngati mwayamba ndi mbalame N zosakhala pachibale, gawo la kusiyana kwa majini limene mwalitaya poyambapo ndi 1 kugawa ndi 2N. Mbalame 2, mwataya 25 peresenti. Mbalame 6, mwataya pafupifupi 8 peresenti. Mbalame 20, mwataya 2.5 peresenti yokha. Wina anena kuti aaa, 8 peresenti si kanthu, ine pa mayeso ndimataya yoposa pamenepo. Koma kutayako sikuthera poyambira. M'badwo uliwonse kumachitikanso, chifukwa m'badwo uliwonse uli ngati kutolanso nyemba m'chitini. Gulu likangokhala la mbalame 10 zobereka, pakatha mibadwo 10 kumatsala pafupifupi 60 peresenti. Likakhala la mbalame 100 zobereka, kumatsala 95 peresenti. Amene muli ndi kakyuleta yesani 0.95 ndi 0.995, iliyonse muichulukitse yokha ka 10.

Taonani mawu akuti zobereka. N uja sawerenga mitu yonse imene ikuoneka m'dambo. Amawerenga okhawo amene akusiya ana, ndipo amayembekeza kuti aliyense akusiya ana ofanana chiwerengero. Apa m'pamene adokowe a ku Japan amavutira. Dokowe ameneyu ndi wosankha. Akapeza mnzake amakhala naye zaka zambiri, koma kuti amulole si masewera. Mukawatsekera m'khola limodzi asanagwirizane, amajomphana ndi milomo ija, mpaka wina akhoza kufa. Ndiye zimene zinkachitika n'zakuti mabanja ochepa amene anagwirizana ankaswa chaka ndi chaka, pamene mbalame zina, zonyamula nyemba zosowa zija, zinkangokhala mbeta. Ana a mabanja ochepawo ndi amene anadzaza makola, ndipo potulutsa mbalame kutchire ambiri anali omwewo. Kutchireko palibe ankhoswe. Mbalame zikakula zimangosankhana, ndipo zapezekapo kuti mchimwene wamanga chisa ndi mchemwali wake wa bere limodzi.

Zimene akuchita

Choyamba ndi kaundula. Dokowe aliyense ali ndi nambala yoyamba ndi J, ndipo m'buku mumalembedwa mayi ake, bambo ake, kumene anaswedwera ndi chaka chake, mpaka kukafika kwa agogo oyambirira aja. Anapiye a kutchire asanayambe kuuluka, akatswiri amakwera pachisa ndi galimoto yonyamula anthu m'mwamba, n'kuwaveka tizibangili tamitundumitundu m'miyendo. Mitundu ya tizibangilito ndi imene imanena nambala, moti munthu ali patali ndi kamera akhoza kudziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. Amatenganso nthenga kapena timagazi kuti akapime DNA, poti wamwamuna ndi wamkazi amaoneka mofanana kwambiri. Ndikaganiza kuti m'midzi mwathu muli agogo ambiri amene sadziwa chaka chimene anabadwa, pamene ku Japan mbalame ili ndi mbiri ya mibadwo yake yonse, ndimangoseka.

Ndi kaundulayu amawerengera kuti mbalame iliyonse ili pachibale chotani ndi gulu lonse. Imene ili ndi abale ochepa ndiyo yamtengo wapatali, ndipo imaikidwa patsogolo pofunafuna banja. Imene abale ake adzaza kale dziko imauzidwa kuti ipume kaye. Powapezera banja sawaponyera limodzi ayi. Amawaika m'makola oyandikana kuti azionana pawaya kwa nthawi, ndipo akaona kuti ayamba kuwombanitsira milomo limodzi m'pamene amatsegula chitseko. Mu 2013 malo osungirako nyama, mapaki ndi maboma a m'zigawo amene ali ndi adokowe anapanga bungwe limodzi, IPPM-OWS, kuti mbalame za m'makola onse ndi za kutchire aziziona ngati gulu limodzi, n'kumasinthana mbalame ndi mazira.

Njira imene inandidabwitsa kwambiri ndi ya mazira. Akapeza kuti banja la kutchire ndi la pachibale, amakwera pachisa n'kuchotsa mazira ake. Nthawi zina amaikapo mazira abodza kuti mbalame zizingofungatira osaikiranso ena. Nthawi zina amaikapo mazira enieni ochokera ku banja la m'khola la mtundu wosowa uja. Makolowo sazindikira. Amafungatira, amaswa, amadyetsa, ndipo mwana wa eni amakulira kutchire kuyambira tsiku loyamba, kuphunzira kusaka achule ngati mbalame yeniyeni. Aliyense amene anaikirapo mazira a nkhanga kapena a bakha pansi pa nkhuku wamva kale zimene ndikunena.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti imeneyo ndi nkhanza, kulanda mbalame mazira ake. Inenso sizindisangalatsa kwenikweni. Ndipo pali funso lina: mbalame imene ili ndi nambala, yovala zibangili, imene anthu amaisankhira ana oti ilere, tinganene kuti ndi ya kutchire? Kapena ndi chiweto chongokhala opanda khola? Komabe ndikaika pasikelo, ndikuona kuti akuchita bwino. Anthu ndi amene anapha mbalamezi mpaka kutsala nyemba 12 m'dzanja. Kuzisiya panopa kuti zione zokha kuli ngati kuthyola munthu mwendo kenako n'kumuuza kuti kuyenda n'kwachilengedwe, adziyendere.

Chinanso n'kumwaza. Mbalame zonse zikakhala m'chigwa chimodzi, chimfine cha mbalame kapena chigumula chimodzi chikhoza kusesa zonse. Mu 2015 anayamba kuulutsanso adokowe ku Noda, m'chigawo cha Chiba, ndi ku Echizen, m'chigawo cha Fukui. Mbalame zinanso zinadzisamukira zokha: mu 2017 banja lina linalera anapiye ku Naruto, pachilumba cha Shikoku.

Ndipo nthawi zina magazi atsopano amadzibweretsa okha. Pa 5 Ogasiti 2002 dokowe wa kutchire anatulukira ku Toyooka kuchokera kutsidya kwa nyanja. Anamutcha Hachigoro, poti m'chinenero chawo hachi ndi 8 ndipo go ndi 5, mwezi ndi tsiku limene anafika. Anakhala komweko mpaka anafa mu 2007, ndipo anthu anaphunzira zambiri pongomutsatira kuti aone kumene akudya ndi kumene akugona. Ulendo wobwerera nawo ulipo. Mu 2014 dokowe wamkazi wobadwira ku Toyooka, nambala J0051, anaoloka nyanja n'kukatera ku Gimhae, ku South Korea.

Ku Korea nakonso nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Mu Epulo 1971 nyuzipepala inalengeza kuti kwapezeka banja lomaliza ku Eumseong. Patangotha masiku atatu, munthu wina anakawombera wamwamunayo. Wamkaziyo anakhala yekha zaka zambiri akuikira mazira opanda mbewu, ndipo anafera kumalo osungirako nyama pafupi ndi Seoul mu 1994. Mu 1996 yunivesite ina ya zamaphunziro kumeneko inayamba kuswetsa adokowe ochokera ku Russia ndi ku Germany, ndipo mu 2015 anaulutsa oyamba ku Yesan. Magulu a ku Japan ndi ku Korea akamakumana ndi kukwatirana, ndiye kuti zitini ziwiri za nyemba zathiridwa pamodzi.

Koma si mlendo aliyense

Pofika pano wina aganiza kuti mankhwala ake ndi osavuta: ingobweretsani mbalame kuchokera kulikonse, bola zikhale zachilendo. Anthu a ku Sweden anayesa, ndipo zinawaphunzitsa kanthu. Kumeneko nkhani ndi ya msuweni wake wa dokowe wa ku Japan, dokowe woyera wa ku Ulaya wa mlomo wofiira. Anasiya kuswera ku Sweden mu 1954. Mu 1989 anayamba ntchito yomubwezeretsa, ndipo mbalame zoyambira anazitenga ku Switzerland. Koma za ku Switzerland zija makolo ake anali a ku Algeria, chifukwa Max Bloesch, amene anayambitsa ntchito yotereyi ku Altreu mu 1948, anakatenga anapiye kumeneko. Mtundu ndi umodzi womwewo, maonekedwe ndi amodzi. Koma patapita zaka, wasayansi Ola Olsson anaunika mabuku a mbalamezo n'kupeza kuti mabanja a magazi a ku Algeria ankalera anapiye ochepa poyerekeza ndi a magazi a kumpoto kwa Ulaya, ndipo ambiri sankasamuka nyengo yozizira ikafika. Majini awo anazolowera dziko lotentha la kumpoto kwa Africa, osati mvula yozizira ya ku Sweden. Mapeto ake anayamba kukatenga adokowe ku Poland, dziko loyandikana nalo.

Zili ngati mbewu. Chimanga chochita bwino ku Dedza kozizira si ndiye kuti chichitanso bwino ku Nsanje. Pamenepa a ku Japan anachita mwayi, chifukwa Khabarovsk ili m'chigwa cha Amur, kumene kumachokera adokowe amene mpaka lero amasochera n'kufika ku Japan.

Khola nalonso limasintha mbalame. M'khola amene amabereka kwambiri ndi wofatsa, wosaopa anthu, wokonda kudya za m'ndowa. Kutchire makhalidwe amenewo ndi imfa. Mibadwo ikachuluka m'khola, mumapezeka kuti mwaweta mbalame ya m'khola yeniyeni. N'chifukwa chake safuna kuchedwa nazo m'mawaya.

Nkhani ya achule

Kumbukirani masamu aja a mbalame 10 ndi mbalame 100. Njira yaikulu yoletsera nyemba kutayika ndi yakuti gulu likule msanga, ndipo mabanja ambiri azilera ana. Koma banja la adokowe silingalere anapiye atatu kapena anayi m'munda wopanda chule. Ndiye nkhani ya DNA ija imakathera m'matope a mlimi. Kuyambira mu 2003 alimi a ku Toyooka anayamba ulimi wa mpunga wokomera adokowe. Mankhwala ophera tizilombo anachepetsa kwambiri, ena anasiyiratu. Minda amaithira madzi ngakhale m'nyengo yozizira pamene mulibe mpunga. Pakati pa nyengo ya ulimi pamakhala nthawi yophwetsa madzi m'munda, koma iwo amadikira kaye mpaka ambululu amere miyendo n'kusanduka achule. Anamanganso timakwerero tamadzi kuti nsomba zizikwera kuchoka m'ngalande kulowa m'minda, ndi mizati yaitali yokhala ndi thandala pamwamba m'malo mwa mitengo ya paini ija. Ntchito ya kupalira inachuluka, zoona, koma mpunga wake umagulidwa pamtengo wokwera, ndipo ana asukulu a ku Toyooka amadya womwewo pa nkhomaliro. Achule aja nawonso amadya tizilombo towononga mpunga. Mu 2012 chigwa cha kumunsi kwa Maruyama pamodzi ndi minda yake chinalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar, ndandanda womwe nyanja yathu ya Chilwa inalowamo kale.

Ngozi sizinathe. Ena amafa pa mawaya amagetsi, ena amakodwa m'maukonde otchingira nyama m'minda. Mu 2017 ku Unnan, m'chigawo cha Shimane, mlenje anawombera dokowe wamkazi amene anali ndi anapiye pachisa, ati ankayesa kakowa. Anapiyewo anawatenga n'kukawalerera ku Toyooka. Pagulu laling'ono chonchi, chipolopolo chimodzi chikhoza kuchotsa nyemba imene inalipo imodzi yokha.

Masamu omwewa akugwiranso ntchito kwathu kuno. Mikango inatha ku Majete, ndipo mu 2012 bungwe la African Parks linabweretsa itatu kuchokera ku South Africa, iwiri yaimuna ndi umodzi waukazi. Inaswana bwino. Koma ikani N kukhala 3 mu kafomula kaja muone. N'chifukwa chake mu 2018 anabweretsanso ina kuchokera ku South Africa, ndipo ina ya ku Majete anaisamutsira ku Liwonde.

Dokowe wa ku Japan simudzamuona kuno. Koma msuweni wake wa mlomo wofiira uja amabwera. Amanyamuka ku Ulaya cha mu Ogasiti, n'kudutsa ku Turkey, Israel ndi Egypt, popeza sakonda kuuluka pamwamba pa nyanja yaikulu, kenako n'kutsika ndi kum'mawa kwa Africa. Nyengo ya mvula amapezeka m'madambo ndi m'minda mwathu akutola ziwala ndi ntchemberezandonda, ena amapitirira mpaka ku South Africa. Ena mwa iwo amakhala ndi kachibangili kumwendo, kolembedwa nambala ndi dzina la malo amene anawaveka ali pachisa. Amene mumadutsa kudambo pobwera kusukulu, mukadzamuona wotero legeni ikhale m'thumba. Yang'anitsitsani kuti kachibangiliko kali mwendo uti, n'kamtundu wanji, ndipo mulembe tsiku ndi malo kuseri kwa kope, mudzawapatse aphunzitsi a kalabu ya zachilengedwe.